Chipsera Chimene a Nduna Analibe

1

Akonzi a magazini ino anandifunsa ngati ndikufuna kuti asinthe mayina a anthu a m'nkhaniyi. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinawauza kuti asavutike, kwathu ntchito imeneyo inagwiridwa kalekale. Sanandimve. Inunso mundimva kutsogoloku.

Ku Bangwe amandidziwa kuti a Yohane okhoma ndowa. Ndili ndi kashedi kuseri kwa msika, mmene ndimakhoma ndowa, mbaula ndi makheni othirira ndiwo zamasamba. Ndili ndi chipsera pansidze yakumanzere, mano anditsalira ochepa, ndipo munthu wovala suti sindimukhulupirira ngakhale atabwera atasenza thumba la ufa. Mkazi wanga Petronela anamwalira mu 2003. Anandisiyira mwana mmodzi yekha, Mayamiko. Nkhaniyi ndi ya mwana ameneyo: mmene anachokera m'manja mwanga, ndi chimene ndinapereka kuti ndimugwirenso dzanja.

Koma ena mumandidziwa mwanjira ina. Ndine mng'ono wa a Nduna. Bambo awo ndi bambo anga anali a bere limodzi, anachoka ku Nsanje kudzagwira ntchito ya njanji ku Limbe. A Ndunawo anali olemekezeka a Onesimo Zuze, phungu wa dera lina mumzinda muno kuyambira 1999, nduna m'maboma atatu. Boma likagwa madzulo, iwo ankadzuka m'mawa atavala kale nsalu ya boma linalo. Dzina lawolo ndalilemba apa, koma pakamwa panga silinkatuluka. Ine ndinkangoti achimwene, kapena a Nduna.

2

Pamaliro a Petronela a Nduna anabwera ndi bokosi lonyezimira, lokhala ndi zogwirira zagolide, anthu a mu Bangwe mpaka kuiwala kulira. Titabwera kumanda anandiitanira kuseri kwa nyumba. Akuluakulu a banja anali atakhala kale pamenepo.

"Mwanayu akakhala kwanga," anatero a Nduna. "Pano aphunzira chiyani? Kukhoma malata?"

"Achimwene, ndi mmodzi yekhayu."

"N'chifukwa chake. Mmodzi yekhayo usamuononge."

Akuluakulu anavomereza onse ndi mitu. Kwathu kuchigwa mwana ndi wa kuchimuna, wa mtundu wonse, ndipo mkulu wako akanena sumayankha kawiri. Mayamiko anali mu Sitandade 6. Analira atakanikiza nkhope pagalasi la galimoto mpaka inakhota pa msika.

Tchuthi choyamba anabwera nathamangira kundikumbatira, osasamala dzimbiri la m'malaya mwanga. Tchuthi chachitatu anabwera ndi botolo lake la madzi, akuti athu amamutsegula m'mimba. Atafika kusekondale ndinamva akulankhula pafoni ndi mnzake: "Ndili kwa abambo a ku Bangwe, adadi anditumizira galimoto masana."

Adadi. Ine ndinasanduka dzina la malo.

3

Ntchito yanga m'ndale za a Nduna inali imodzi. Kampeni ikayandikira ankanditumizira galimoto ndi malaya a chipani, n'kukandikhazika pansanja, kumapeto kwenikweni. A Nduna ankakonda kutsegulira midadada ya sukulu, ndipo paliponse nkhani yawo inali yomweyo.

"Makolo, m'banja mwathu tinalimo anyamata awiri. Tinkadyera mbale imodzi, sukulu imodzi, mphunzitsi mmodzi. Wina ankakonda buku, wina ankakonda mpira wachikulunga ndi kuba mango. Wokonda buku uja ndi amene akulankhula nanu. Winayo... Yohane, imirira akuone!"

Ndinkaimirira. Bwalo lonse linkafa ndi phwete. Amayi a chipani ankaimba, ana ankandiloza.

"Osamuseka, ndi m'bale wanga, ndimamukonda. Koma ana inu, mukufuna kukhala uti?"

"Nduna!"

Mufunsa kuti ndinkapitiranji. Msonkhano ukatha ankanditengera kunyumba kwawo ku Namiwawa kukadya, ndipo kumeneko ndi kumene ndinkamuona Mayamiko. Ndinkagula kumuona mwana wanga ndi manyazi anga.

Mu 2009, ku Ndirande, anamukweza iyenso pansanja atavala yunifomu, kuti anthu aone mwana wa mbuli amene a Nduna amuwombola. Pobwerera tinakhala limodzi kumpando wakumbuyo. Titafika pa Ginnery Corner, Mayamiko anati:

"Abambo, bwanji simunalimbikire sukulu?"

Ndinatsegula pakamwa. A Nduna anali kutsogolo, ndipo maso awo anandipeza pakagalasi ka dalaivala.

"Mutu unali wouma, mwana wanga," ndinatero.

Anatembenukira kuwindo. Ine ndinadziuza mumtima kuti palibe kanthu, tsiku lina adzadziwa, ndipo tsiku limenelo adzabwerera kwa ine akulira. Mawu amenewo ndinawasunga ngati mbewu ya padenga. Ndikamenya nyundo ndinkawabwereza.

4

Mu 2016 Mayamiko anabwera pa galimoto yakeyake, n'kuiimika patali ndi matope. Anali atamaliza kukoleji, a Nduna atamupezera ntchito ku ofesi ina m'tauni.

"Abambo, ndapeza banja. Dzina lake Feston, kwawo ndi ku Chilomoni."

"Zabwino zimenezo! Ndiye ndiyambe kusoketsa suti?"

Anayang'ana foni yake.

"Suti musoketse ndithu. Koma kutchalitchi akandilowetsa ndi adadi. Kubwera anthu akuluakulu, nduna zinzawo, akanema. Mukumvetsa eti?"

"Ndikumvetsa kuti ndinakubereka ndine."

"Palibe akukana zimenezo. Koma anandilera ndani?"

Ndinatola nyundo n'kuyamba kumenya ndowa imene inali itatha kale. Anaima pang'ono, n'kusiya jumbo ya shuga pabenchi, n'kumapita.

5

Chinkhoswe chinachitikira pakapinga wa a Nduna, masana dzuwa lili phwee. Matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu ngati nayonso ikukwatiwa. Ine anandikhazika kumpanda, pamodzi ndi madalaivala, pafupi ndi pamene amayi ankatsukira mbale.

Ankhoswe atasinthana tambala ndi msoti, mkulu wa mwambo anatenga chimkuzamawu.

"Kuchimuna kwabwera azakhali a Feston, mayi Ida, kuchokera ku Bulawayo kumene akhala chikwatiwire. Akuti ali ndi mawu kwa olemekezeka."

Kunadzuka mayi wamfupi, wonenepa, woyendera ndodo. Sindinamuzindikire. Analanda chimkuzamawu ngati chake.

"Ine sindinabwerere chinkhoswe chokha ayi, ndabwera kudzapepesa. Ku Bulawayo konse atopa nane. Ndimawauza kuti nduna ija ya ku Malawi, Onesimo Zuze, ndinakhala nayo desiki imodzi mu Sitandade 8 ku Ndirande, ndipo ndinaigenda ndi mwala chifukwa inakana kundionetsa masamu!"

Anthu anaseka, ena kuwomba m'manja. A Nduna anaimirira atatambasula manja.

"Ndinakukhululukirani kale, mayi."

Ida anafika pafupi, anavala magalasi, n'kuwakoka tayi kuti aweramitse mutu, ngati mayi woyang'ana zipere m'mutu mwa mwana.

"Chipsera chili kuti?"

"Zaka, mayi, zaka."

"Zaka zake ziti? Anakusoka kuchipatala, ine anandikwapula pamaso pa sukulu yonse. Chipsera chimenecho ndinachilipira ndi matako anga."

Kuseka kunachepa. Ida anabwerera m'mbuyo pang'ono, akuwayang'anitsitsa.

"Iii, koma nkhopeyi ndikuidziwa. Iwe si Yohane iwe? Yohane wa kumbuyo kwa kalasi, wobwerezabwereza uja, unkatilanda zigumu pa buleki?"

Chimkuzamawu chinali pakamwa pake. Mkulu wa mwambo anathamanga kuti achilande, Ida anamutchinga ndi ndodo.

"Nanga Onesimo ali kuti? Anamwalira?"

Sindinaganize zoimirira. Pansanja ndinkaimirira akandilamula, koma tsiku limenelo miyendo inadzuka yokha. Ida anatembenuka. Anayenda kudutsa matenti onse, anthu akumupatsa njira, mpaka kumpanda kuja. Anakweza dzanja n'kugwira pansidze panga.

"Mayo ine! Onesimo! Anakuchita chiyani anthuwa?"

Chichokere 1974 panalibe munthu anandiitanapo choncho pagulu.

"Ida," ndinatero, "mwala uja unali waukulu."

Nditakweza maso ndinaona mafoni okhaokha ali m'mwamba.

6

Tsopano mumve zimene zinachitika.

Bambo anga anali osauka. Ng'ombe zimene analowolera mayi anga sizinali zawo, zinali za akulu awo, bambo a mnyamata amene nthawi imeneyo ankatchedwa Yohane. Mu 1974 tonse awiri tinalemba mayeso a Sitandade 8. Ine, Onesimo Zuze, ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Yohane analephera kachitatu.

Bambo aakulu anaitanitsa banja Lamulungu titachoka ku Misa.

"Ng'ombe zanga ndi zimene zinabweretsa mkazi uyu pakhomo pano," anatero akuloza mayi anga. "Chotuluka m'mimba mwake n'changa. Mwanayo khalani naye, sindikumufuna. Ndikufuna malo ake."

Bambo anga anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala chakuphazi. Mayi anatuluka n'kukalirira kuseri kwa bafa.

Masiku amenewo kunalibe zithunzi. Amene wafika pasukulu ndi sutikesi, bulangete ndi dzina lolondola, ameneyo ndiye mwana wasukulu. Yohane anakwera basi ndi dzina langa. Ine anandikweza sitima ya ku Nsanje, kukaweta ng'ombe za bambo aakulu, ana a ng'ombe zomwe zija. Anandigwaditsa pamaso pa bambo anga kuti ndilumbire kuti kuyambira tsiku limenelo ndine Yohane. Anati chaka chamawa ndidzalembanso mayeso. Chaka chamawacho ndikuchidikirabe.

Ndinabwerera m'tauni ndili ndi ndevu. Makolo anali atasamukira ku Bangwe kumene kunalibe wotidziwa. Anzathu a m'kalasi anabalalika, ena anamwalira, ndipo ochepa amene ankakumbukira anadzapezeka ndi malata atsopano padenga a Nduna atangolowa ndale. Petronela ndinamuuza tisanakwatirane. Anapita nacho kumanda.

Ida yekha ndi amene a Nduna anamuiwala, chifukwa anakwatiwa kunja chaka chotsatira. Palibe anaganiza zokafolera nyumba ku Bulawayo.

7

Kanema wa chinkhoswe anazungulira m'mafoni dziko lonse. M'minibasi nkhani inali yomweyo. A zipani zotsutsa anayamba kunena zopita kukhoti, akuti munthu amene satifiketi yake ndi ya mwini sangakhale phungu, ndipo unduna autule. Anthu amene ankandiseka pansanja anayamba kudutsa pashedi panga akuti, "Bwanji bwana Onesimo!" Ine ndinkangokhoma ndowa zanga. Ndinkadikira munthu mmodzi.

Mayamiko anabwera m'mawa kutagwa mvula. Ulendo uno sanasamale matope, analowa mpaka mkati. Ndinapukuta benchi ndi malaya anga. Ndinati mumtima, tsiku lija ndi lino.

"Abambo," anatero asanakhale n'komwe, "mawa kubwera atolankhani kunyumba. Mukanene kuti azakhali aja ndi okalamba, mutu unasokonekera. Chipseracho munene kuti linakuchekani ndi lata."

Ndinaganiza kuti sanamvetse.

"Mayamiko, wamva zimene anandichita? Amene anakhoza mayeso ndine. Mutu wanga sunali wouma. M'galimoto muja ndinakunamiza chifukwa..."

"Ndikudziwa, abambo."

"Wadziwa tsopano."

"Ayi. Ndinadziwa chaka chomwe chija cha ku Ndirande. Adadi anakangana ndi amami, amami anakuwa zonse, ine ndili kukhitchini."

Kunja wina ankaitanira makasitomala a tomato. Ndinamva mawu ake bwinobwino, ngati ali m'khutu mwanga.

"Zaka zonsezi ukudziwa?"

"Ndikanatani? Ndikanalongedza katundu n'kubwera kuno kudzakugwirirani malata? Inu munakhala chete muli munthu wamkulu, ndevu pakamwa. Ine mwana ndikanalankhula chiyani?"

"Unkandiona ndikuimirira pansanja."

"Ndinkakuonani. Ndinkapemphera kuti tsiku lina mukane. Simunakane."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mosamala kuti asafute zodzola.

"Adadi akagwa, tonse tagwa. Ntchito yanga anandipezera ndi iwo. Kwa a Feston ayamba kale kunong'ona kuti banja lathu ndi la chinyengo. Mukufuna ukwati wanga uthe usanayambe?"

Ndinakhala pabenchi paja.

"Adadi akuti mukatero, kutchalitchi mukandilowetse ndinu."

"Akutero ndi adadi. Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ine ndikuti chonde."

8

Ndinapita. Anandikhazika pampando wofewa, a Nduna pambali panga, dzanja lawo paphewa langa. Makamera anayatsa magetsi awo.

"Dzina langa ndine Yohane Zuze," ndinatero. "Sukulu inandikanika. Mayi aja sindikuwadziwa. Chipserachi linandicheka ndi lata."

Mu 1974 anachita kundigwaditsa. Ulendo uno ndinayenda ndekha, ndinakwera minibasi ndi ndalama yanga.

Nkhani inazizira pomwepo. Mwini wake wakana, otsutsa akanatani? Ida anatchedwa wamisala m'nyuzipepala. Anakwera basi ya ku Bulawayo ukwati usanachitike, koma anasiya uthenga kwa mayi wina wogulitsa makala pafupi ndi shedi yanga: "Mukamuuze Onesimo kuti mwala wachiwiri ndamusungira."

Tsiku la ukwati ndinavala suti ya bulawuni, yosoketsa kwa telala wa pa msika. Mayamiko anatsika m'galimoto ali mbee, nkhope ya Petronela yeniyeni. Anakoleka dzanja lake m'mkono mwanga. Kwaya inayamba.

Owerenga, kuchoka pakhomo la tchalitchi kukafika kuguwa ndi pafupi kwambiri. Sindinkadziwa. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikukoka mapazi, kuti njirayo italike. Ndinkamva kutentha kwa dzanja lake kudutsa m'jekete. Tili pakati anaweramira kukhutu kwanga. Ndinati mwina anena kanthu.

"Fulumirani pang'ono, abambo."

Kuguwa anayamba ndi iye kuchotsa dzanja. A Nduna anali pampando woyamba, akumwetulira, akuwomba m'manja mwaulemu. Chithunzi chimene chinatuluka m'nyuzipepala chinali cha iwo ndi akwati. Kumphepete kwake kukuoneka kamkono ka suti ya bulawuni.

9

A Nduna anamwalira mu 2018 kuchipatala cha kunja, akadali pampando. Maliro ake munawaona pakanema: asilikali, mbendera pabokosi, mfuti kulira. Wowerenga mbiri ya malemu anatchula chaka changa chobadwa. Anati malemu anali mwana wanzeru amene anakhoza Sitandade 8 kamodzi kokha. Ndinali pamenepo, kumpanda ngati kale, ndikumva anthu akulira maliro anga. Mayamiko analira mpaka kumugwira.

Chiliza chawo ndi cha mwala wakuda. Ndinapitako kamodzi. Ndinawerenga dzina langa m'zilembo zagolide, ndinavula chipewa, n'kubwerera kudzakhoma ndowa.

Mayamiko ali ndi ana awiri tsopano, amakhala ku Lilongwe. Pa Khirisimasi amanditumizira shuga ndi mafuta ophikira kudzera kwa dalaivala. Anawo ndimawaonera pafoni ya mayi wamakala uja.

Inu owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ambiri a inu munali pabwalo paja, munaseka nawo, ndipo pamene kanema anatuluka munasekanso mbali inayo. Sindikudalirani. Ndalemba chifukwa cha bambo wina amene akuwerenga izi ali ndi chake chimene anameza, akudziuza kuti mwana akadzakula adzamvetsa. Bambo inu, mwana sadikira. Amakula akudya kumene kuli chakudya, ndipo choona chanucho akadzachimva amachiyeza ndi zimene angataye. Ine ndinkayesa kuti ndikusunga mbewu. Pamene ndinkaitsitsa padenga ndinapeza yofumbwa kale, ndipo mwana wanga anali ataiona kufumbwako ine ndisanaione. Ndimamukwiyira, inde. Koma funso lake lija, loti bwanji sindinakane, limandipeza ndikangosiya kumenya nyundo.

Ndatenga lata labwino, lolimba, losachita dzimbiri msanga. Ndalidula bwino, ndapinda m'mbali, ndakhomapo zilembo ndi msomali, chimodzichimodzi: Onesimo Zuze. Ndi la pamtanda wa pamanda anga. Lapachikidwa m'shedi muno, kuseri kwa mbaula. Ndinamutumizira Mayamiko uthenga kuti tsiku likadzafika adzalikhome ndi iye, poti wanga ndi yekhayo.

Sanayankhe mpaka lero. Koma ndikumudziwa mwana wanga. Adzayamba wafunsa kaye kuti kumaliroko kubwera anthu otani.